Waya Amene Anadyedwa ndi Feteleza

Amalume anga, a Lemani, anabwera ku Kaomba kuchokera ku Phalombe ali ndi laisensi yoyendetsera galimoto imene palibe anaifunsa. Analima fodya pa esiteti ya a Mphepo monga tenanti zaka zisanu ndi ziwiri. Dalaivala wa pamenepo atadwala, pikiapu yoyera, yokalamba kuposa ine, inapatsidwa kwa iwo. Msana wawo unali utatha kale, ndipo chimene ankaopa kwambiri chinali kubwezedwa kumunda.

Nchifukwa chake galimotoyo ankaisamala ngati khanda. Nyengo ya makuponi ikafika, a Mphepo ankaichititsa hayala, kunyamula feteleza kuchokera kudepoti kupita m'midzi. Matumba ena ankang'ambika, ndipo madzulo aliwonse amalume ankatsikira kudambo kukatsuka kumbuyo kwake ndi zidebe zitatu. Ankaiimika pamtsetse, mutu kunsi, kuti ikakana kulira ingotsetsereka popanda kupempha anthu okankha.

Chaka chachitatu inayamba kudwala. Akapotoza kiyi, inkangoti "ke," basi. Nyali zinkayaka ngati koloboyi. Akaponda buleki, indiketa inkaphethira yokha. A Mphepo anagula batire latsopano, kenako sitata, koma sizinathandize.

"Lemani, galimoto iyi yakukana," anatero a Mphepo. "Ikapanda kuchira pofika Lachisanu, ekala yako ilipo. Mbande zikudikira."

Amalume anangoti, "Chabwino, bwana."

Lachinayi matenanti anayi anaikankha mpaka inalira. Ine ndinakwera nawo chifukwa amayi anandituma mankhwala ku Boma. Njira yonse amalume sanaizimitse ngakhale pamene tinaima kuti ng'ombe zidutse.

Tinafika kwa a Khamisi, mkulu wokonza magetsi a galimoto kuseri kwa msika. Ndinakhala pabenchi, ndikuyang'ana. Anamvetsera madandaulo onse akutafuna mtedza. Kenako anatenga chingwe chonenepa, nachimanga kuchokera pa batire kufika pa injini penipeni.

"Tapotozani, achimwene."

Inalira nthawi yomweyo. Amalume anachotsa dzanja pa kiyi ngati yawawotcha.

A Khamisi anayala katoni n'kulowa pansi. Atatuluka anali ndi kalamba ka mkuwa kolukanalukana, kobiriwira, kakufumbutuka m'manja ngati tsamba la fodya louma.

"Uyu ndi waya wa ethi. Moto ukachoka m'batire umayenera kubwerera kwawo, ndipo njira yake ndi imeneyi. Njira ikaduka, umangolowa paliponse ngati woledzera. Mumanyamula mchere?"

"Feteleza."

"Mumatsuka?"

"Tsiku ndi tsiku!" anatero amalume, koyamba kukweza mawu. "Funsani aliyense ku Kaomba."

"Itaima bwanji?"

"Pamtsetse. Mutu kunsi."

A Khamisi anaseka mpaka kutsokomola. Anawaonetsa kampata pakati pa mutu wa galimoto ndi kumbuyo konyamulira katundu. Madzi onse otsukira ankathamangira kutsogolo n'kudonthera pa waya uja.

"Zaka zitatu mukumuthira feteleza, achimwene. Mumafuna abereke? Anzanu akugona kudepoti kulimbirana thumba limodzi, inu mukudyetsa waya!"

Amalume sanaseke. Anayang'ana kalambako nthawi yaitali, kenako anati, "Ndimayesa ndikuiteteza ku dzimbiri."

"Aulesi zoterezi siziwachitikira," anatero a Khamisi, tsopano mofatsa.

Mabawuti anali atagwirana ndi chitsulo, ndipo limodzi linathyoka. Anaboola pena, napala ndi sandipepa mpaka chitsulo chinawala. Anamangapo waya wonenepa wochotsa ku lole yakufa, nawonjezera wina wochoka pa injini, n'kupaka girisi pamwamba. Ntchito yonse sinakwane maola awiri.

Pobwerera amalume anaizimitsa dala kawiri, kungofuna kumva ikulira. Kachiwiriko anandiyang'ana. "Wamva, Lefina?" Ndinagwedeza mutu.

Lachisanu m'mawa a Mphepo anaiyesa okha katatu. Anayatsa nyali, naliza hutala, nazungulira galimoto yonse akusisita chibwano.

"Wachita bwino, Lemani."

Lachiwiri lotsatira kunabwera bambo wina wa ku Santhe, wa golosale. Naye anapotoza kiyi katatu. Masana omwewo anapita nayo.

"Yakufa ndani akanaigula?" a Mphepo anauza amalume pakhonde. "Lole ya mwana wanga izinyamula zonse. Ali ndi dalaivala wake."

Mvula inagwa Loweruka. Lolemba amalume anabwera kunyumba kwathu m'mawa, atavala buluku lawo lakale lakumunda, lomwe tsopano linkawathina m'chiuno. Anaima pakhomo osalowa.

"Achemwali," anatero kwa amayi, "khasu lanu la mpini wautali lija, mungandibwereke? Sindingawerame kwambiri."

Amayi analowa m'nyumba kukalitenga.