Malo a Amayi M'boti

Ndikukumbukira kuti ndidali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene a Sisitere a ku parishi yathu adakonza ulendo woti ana a kwaya tikaone nyanja. Ine ndidali m'kwayamo, koma kunena zoona mawu anga sankamveka. Ndinkaima mzere wakumbuyo n'kumangotsegula pakamwa motsatira anzanga. Manyazi ndidachita kubadwa nawo. Mlendo akafika pakhomo pathu ndinkathawira kuseri kwa nkhokwe mpaka atatsanzika, ndipo akuluakulu ankandiyamikira kuti Felista ndi mwana wofatsa.

Kwathu ndi kumapiri, cha ku Bembeke, kumene ngakhale dzuwa liwale mphepo imaluma m'makutu. Ambirife nyanja tinkangoimva. Madzi amene ine ndinkawadziwa adali a kamtsinje ka kudimba kwathu, kamene mwana amakalumpha osanyowa.

Amayi anga, aNangondo, adasankhidwa pamodzi ndi amayi ena awiri kuti apite nafe kukatiyang'anira ndi kutiphikira. Ndidali ndisadawaonepo atakondwa chotero. Chidawakondweretsa kwambiri chidali nkhani ya amalume anga, aSililo, amene ankatsikira kunyanja ndi matumba a mbatata ya kachewere n'kubwerako ndi usipa. Iwo ankanena kuti pa chilumba china pali nsomba za buluu, zina zachikasu ngati maluwa a maungu, zimene zimabwera kudzadyera m'manja mwa munthu. Amayi ankawatsutsa nthawi zonse.

"Achimwene, bodza lanu lakula msinkhu. Nsomba ya buluu adaipaka utoto ndani?"

"Mlongo, iwe nsomba umaidziwa itauma kale. Ungandiuze chiyani?"

Tsono a Sisitere atalengeza kuti tikakwera boti mpaka pachilumba, amayi adayamba kuuza aliyense, kuchigayo ndi kudimba komwe, kuti akupita kukagwira achimwene awo bodza.

Kutatsala tsiku limodzi, tidapeza kuti diresi langa la kutchalitchi lang'ambika kumsana. Lidali litandichepera kale, ndiye zipi idaphulika, nsalu n'kutseguka mpaka m'chiuno. Amayi adaliyang'ana, adaona kuti singano singathandize, ndipo adati, "Ungovala juzi pamwamba, palibe adzaone." Kwathu ndimo timachitira. Juzi imabisa zambiri. Munthu amatha miyezi osaivula pagulu, ndipo palibe amafunsa, popeza aliyense wavala yake. Ine ndi amayi sitidaganize n'komwe kuti kuli dziko lina kumene juzi imachititsa manyazi.

Tidanyamuka m'mamawa pa lole, titafunda mabulangete, mano akugundana. Titayamba kutsetsereka mumsewu wokhotakhota wa Khwekhwerere, makutu anga adatsekeka ndipo mpweya udayamba kufunda. Pofika ku Golomoti mabulangete onse adali atapindidwa. Anzanga adavula majuzi n'kuwamanga m'chiuno. Ine ndidangokoka yanga kuti itsike bwino kumbuyo.

Nyanja titaiona, lole yonse idakuwa. Amayi adagwira pakamwa. "Mayo ine, madzi onsewa alibe mwini?" adatero, anthu n'kuseka.

Pagombe tidalandiridwa ndi woyendetsa boti, bambo wamfupi, wanthabwala, dzina lake aJailosi. Boti lawo lidali lamatabwa, lalitali, la injini kumbuyo ndi denga la lona.

"Anthu a kumapiri, takulandirani! Mbatata mwatitengerako?" adatero akugawa majekete oyandamitsa munthu pamadzi. "Aliyense amange lake. Wopanda jekete sakwera. Kuno si kudimba."

Ana adathamangira kukalanda majeketewo. Ine, monga mwa chizolowezi changa, ndidaima kumbuyo kudikira kuti phokoso lithe. Litatha, majekete adali atatha nawo. Anzanga onse adali m'boti, ndipo mwana wotsala pamchenga ndidali ine ndekha, manja ali lende.

"Latsala limodzi?" adafunsa a Sisitere.

"Palibe, a Sisitere. Mmodzi atsale basi. Lamulo limeneli sindiliphwanya, ngakhale atabwera a bishopu."

A Sisitere sakadatsala chifukwa ana onse adali m'manja mwawo. Mwa amayi awiri aja, mmodzi adali atakana kale kukwera chifukwa cha mantha, winayo adali atafungatira ana ake awiri aang'ono. Amayi anga adali atakhala kutsogolo kwenikweni, jekete atamanga, nsapato zili m'manja, nkhope ikuwala ngati ya mtsikana. Adatembenuka n'kundiona. Sadachedwe. Adamasula zingwe za jekete, adatsika, n'kuyenda m'madzi chitenje chikunyowa mpaka pamene ndidaima.

"Ine nyanja ndaiona, si iyi? Pita iwe," adatero akundiveka jeketelo. "Ukandionere nsomba za amalume akozo. Ukaziyang'anitsitse, wamva? Udzandiuze zonse."

Apa ndi pamene pamandipweteka. Ine sindinkafuna kupita. Botilo ndinkaliopa, anthu ndinkawaopa, ndipo kutsala pamthunzi ndi mapoto kukadandikomera. Mawu adali okonzeka m'kamwa mwanga: pitani ndinu amayi, ine nditsala. Koma maso a boti lonse adali pa ine. Ndidangoweramitsa mutu n'kukwera.

Injini italira, aJailosi adandiyang'ana. "Iwe mtsikana, juziyo vula. Upsa nayo. Kuno chisanu tidachigulitsa kalekale."

Pilirani, mnzanga wa m'kalasi amene pakamwa pake sipankatsekeka, adayankha ndisadapume n'komwe. "Ameneyo savula, aJailosi. Adabadwa nayo!"

Boti lonse lidafa nacho chiseko. Pilirani sadanene mwankhanza, ndipo za diresi langa sankazidziwa. Koma kuyambira pamenepo maso anga adapita pansi ndipo sadabwererenso. Mukandifunsa za ulendo wa pamadziwo, ndingakuuzeni za matabwa a pansi pa boti, za timadzi timene tinkayendayenda pakati pa mapazi athu, ndi za chigubu chodulidwa pakati chimene ankakapira madziwo. Zimenezo ndidaziyang'anitsitsa.

Tili pakati, aJailosi adazimitsa injini. Adati atiitanira nkhwazi. Ndidamva akulasa kansomba ndi bango kuti kayandame, kenako adaimba mluzu wautali.

"Yang'anani kumtengo uko! Iwe wa juzi, dzutsa mutu, ikubwera!"

Akadapanda kunditchula, mwina ndikadayang'ana. Koma ndidaganiza kuti ndikadzutsa mutu ndikumana ndi maso a anthu onse. Ndidangomva mphepo ya mapiko, khuvu pamadzi, kenako anzanga akukuwa ndi kuomba m'manja. A Sisitere nawo adakuwa ngati mwana. Nditasuzumira pang'ono, padali patangotsala mizere yozungulira pamadzi.

Pachilumbapo padali mchenga woyera, wotentha kumapazi, ndi miyala ikuluikulu yoposa nyumba yathu. Anzanga adavula majekete n'kuthamangira m'madzi ndi madiresi awo omwewo. Ine ndidapeza kamtengo kuseri kwa mwala n'kukhala pansi. Juzi idali itanyowa ndi thukuta, ikundiyabwa m'khosi, ikununkha utsi wa kukhitchini kwathu. A Sisitere adabwera kudzandifunsa ngati ndadwala. Ndidapukusa mutu. Adandigwira pachipumi, adandipatsa madzi akumwa, n'kubwerera kwa ana amene ankafuna kupita kozama.

Kenako ndidamva Pilirani akukuwa. "Za buluu! Amayi ine, zilipodi! Zikundijompha zala!"

AJailosi adali atatulutsa buledi ndi magalasi oonera pansi pa madzi, ndipo ana ankalandizana. Patapita kanthawi bamboyo adafika pamene ndidakhala. Nthabwala zija adazisiya.

"Mwana wanga, ndakulakwira muboti muja? Pepa, pakamwa panga pamathamanga. Bwera udzaone. Kusambira sikufunika, ungoima madzi a m'mawondo. Juziyo usavule ngati sukufuna."

Taonani, njira adanditsegulira. Nsombazo zidali pafupi, mtunda wake ngati kuchoka pakhonde kufika pankhokwe. Ndidakumbuka mawu a amayi, ndipo mtima udandiuza kuti ndiimirire. Koma kumeneko n'kumene kudali anthu onse, ndipo ndidadziona ndikuyenda pamchenga ndi juzi yanga yakuda, aliyense atatembenuka.

"Ayi, zikomo," ndidatero.

Adaima pang'ono, kenako adandisiyira kachidutswa ka buledi pamwala n'kubwerera. Buledi ameneyo adadyedwa ndi nyerere ine ndikuyang'ana.

Tidabwerera kumtunda dzuwa litangopendeka. Tili patali ndidawaona amayi ataima m'madzi a m'kakolo, dzanja lili pachipumi. Mpunga ndi nyemba adali ataphika kale, n'kubwera kudzadikira. Boti lisadaime bwino adali atandigwira kale mkono.

"Nanga? Zilipo?"

"Kaya."

"Kaya bwanji? Sunafike pachilumba?"

"Ndinafika."

"Ndiye waona chiyani?"

"Madzi."

Adandiyang'ana kumaso. Kenako maso awo adatsikira pa juzi ija, adaigwira n'kumva kunyowa kwake. "Ha, diresi lija," adatero motsitsa mawu. Sadandikalipire. Adavula chitenje chawo chapamwamba, adandizunguliza nacho kuseri kwa mtengo, adandivula juzi n'kundifunditsa chitenjecho kumsana. Mphepo itandikhudza, ndidayamba kulira. Iwo ankaganiza kuti ndikulira chifukwa cha kutentha, ndipo ankangoti, "Ndalakwa ndine, ndalakwa ndine." Mawu amenewo adandiwawa kuposa mbama.

A Sisitere adafunsa aJailosi ngati boti lingapitenso kachiwiri ndi amene adatsala. Adakana. Mwera udali utayamba kuwomba, mafunde akukula, ndiponso dalaivala wa lole ankafuna kukwera Khwekhwerere kudakali kowala.

Tikudya, Pilirani adadzakhala pafupi nafe mpunga uli m'kamwa. "ANangondo, mwaphonya! Zinabwera zambirimbiri, zina zamizeremizere, zina zachikasu. Imodzi inandiluma apa, onani."

Amayi adasiya mbale yawo n'kumuyandikira. "Buluu weniweni? Ngati chiyani?"

"Ngati yunifolomu yathu ikakhala yatsopano. Koma zowala."

"Zazikulu bwanji? Nanga sizimaopa munthu?"

Adamufunsa mafunso ambiri, ndipo Pilirani ankayankha ndi manja ndi mapazi omwe, mpaka adaimirira kuonetsa momwe nkhwazi idatsikira. Amayi ankaseka, maso ali pa mwana wa eni. Ine ndidakhala pambali pawo nditafunda chitenje chawo.

Lamulungu lotsatira amalume adabwera kwathu. Asadakhale n'komwe pampando adafunsa, "Mlongo, ndiye bodza langa walipeza?"

"Zilipo, achimwene, ndagonja," adatero amayi. "Ine ndinatsala ndi mapoto, koma mwana wanga waziona ndi maso ake."

Ndipo adayamba kufotokoza zonse zimene Pilirani adanena, za mizeremizere, za yunifolomu yatsopano, ngati zidachokera m'kamwa mwanga. Amalume adatembenukira kwa ine mokondwa. "Eti Felista, zinakudyera m'manja?" Ndisadayankhe, amayi adati, "Mukumudziwa mwana wanuyu, salankhula pagulu." Nkhani imeneyo adaifotokozanso kuchigayo ndi kudimba, ndipo paliponse ankayamba ndi mawu omwewo, akuti mwana wanga adaona.

Sukulu sindidapite nayo patali. Ndidakwatiwa m'mudzi woyandikana ndi wathu, ndipo pano ndili ndi mwana wamkazi amene wangoyamba kuyenda. Amayi kunyanja sadapitenso. Ulendo ngati uja sudakonzedwenso iwo adakali ndi mphamvu, ndipo tsopano miyendo imawatupa, sangathe kukhala pa galimoto nthawi yaitali.

Chaka chatha tinkakumba mbatata kumunda kwawo, awiriwiri, mwana ali kumsana kwanga. Sindikudziwa chimene chidanditsegula pakamwa.

"Amayi, tsiku lija kunyanja, ine sindinkafuna kukwera boti. Mukadapita ndinu."

Ndinkayembekeza kuti anena kuti zidapita kale, kapena kuti adaiwala. Iwo adapitiriza kutola mbatata n'kumaponya m'dengu. Patapita nthawi adawongoka, dzanja lili m'chiuno.

"Ee, ndikadapita," adatero. "Ukadangonena, mwanawe."

Adaweramanso n'kupitiriza ntchito.

Kale ndinkaganiza kuti manyazi anga sapweteka munthu, kuti wokhala chete salakwira aliyense. Ndi mmene ndinkamvera akuluakulu akamanditcha wofatsa. Tsopano ndikudziwa kuti tsiku lija ndidakhala chete kawiri, pagombe ndi pachilumba, ndipo kawiri konseko amene adaluza ndi amayi. Mawu anga akadali aang'ono mpaka lero, ndipo pagulu mtima umandigundabe. Koma kusikelo akadumpha dzina la mwana wanga, ndimaimirira n'kunena kuti tilipo.