Kukafunsa za mbuzi pamaliro a a Namakhwa

Ndinanyamuka pa Phalombe Lachitatu cha m'ma seveni m'mawa, m'thumba muli kapepala ka mizere iwiri. A Namakhwa, amene tinkagwira nawo ntchito muofesi imodzi, anali atamwalira dzulo lake kwawo ku Mkhumba. Mwana wawo Esinati ndi nesi kunja kwa dziko, ndipo adiresi yake inali mu imelo ya bambo ake basi.

Malemuwa ankasunga mapasiwedi awo m'pologalamu ina ya pa kompyuta. Kompyutayo itapsa ndi mphenzi, tinakopera zonse kuchoka pa fulashi kupita m'makina atsopano. Pa imelo panatuluka mapasiwedi awiri ndi madeti ake, mizere iwiri ija ya pakapepala: Khungubwe, 04/09, ndi Mphwanye, 07/05. Makina ena amayamba ndi mwezi, ife timayamba ndi tsiku. Ukawerenga mwa kwathu, watsopano ndi Khungubwe. Ukawerenga mwa enawo, ndi Mphwanye. Abwana anali atayesa kale mayina ena ongoganizira, mpaka imelo inachenjeza kuti tikalakwitsanso itseka. Chimene tinkadziwa n'choti mayinawo ndi a mbuzi zawo, ndipo ankasintha pasiwedi akagula mbuzi yatsopano.

Matola anandidula K150. M'pikapumo tinalimo anthu ambiri moti nditayabwa mwendo ndinakanda wa munthu wina, iye n'kuthokoza. Sindikunama ayi, anali mkulu wa chipewa chofiira.

Naini koloko ndinatsika pamsika wina n'kugula chinangwa chophika cha K20. Wa kabaza anati K100, koma nditatchula a Namakhwa anatsika njinga n'kuvula chisoti.

"Kumaliro sindilipiritsa, achimwene. Kwerani. Koma pokwera chitunda muzitsika."

Chitunda chinali njira yonse. Phiri la Mulanje linali kumbuyo kwathu, fumbi lili kukamwa, ndipo njingayo ndinaikankha mtunda wautali kuposa umene inandinyamula.

Tinafika leveni itadutsa. Amuna anakhala chete pansi pa mango, amayi akuimba m'nyumba. Mwamuna wachilendo sangangolowa kwa namfedwa, choncho ndinagwadira mayi wina wa mpingo amene ankatuluka ndi ndowa.

"Pepani amayi. Mukandifunsireko kwa mayi Namakhwa kuti Khungubwe anamugula liti."

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Bambo inu, mtembo uli m'nyumba, inu mukufuna mbuzi?"

Ndinafotokoza za Esinati. Anatula ndowa pansi n'kulowa. Nyimbo inapitirira pang'ono, kenaka inaduka pakati.

Anatuluka ndi mayi Namakhwa eni ake, atawagwira mkono. Mawu anali atawathera ndi kulira.

"Mphwanye tinagula tikukolola chimanga. Khungubwe ndi wa nandolo, titagulitsa kumene. Ankamukonda ngati munthu. Mukamuuze mwanayo kuti tiika Lachisanu. Ngati sakwanitsa kubwera, adziwe tsiku, alire nafe limodzi."

Nandolo sagulitsidwa mu Epulo. Ndiye kuti 04/09 anali 4 Sepitembala, ndipo Mphwanye anali wa mu Meyi.

Pobwerera ndinakwera lole ya matumba a mpunga, K120, ndipo ndinafika pa ofesi folo koloko. Abwana anaima kumbuyo kwanga. Ndinalemba Khungubwe ndi chala chimodzi, chilembo chilichonse ndikuchiyang'ana kawiri. Imelo inatseguka.

Pamwamba penipeni panali kalata ya Esinati, ya Lolemba: "Ababa, mwangoti zii bwanji? Chifuwa chija chatha?"

Ndinkaganiza kuti chovuta pa ulendowu ndi pasiwedi, koma mzere woyamba wa kalata yanga ndinaufufuta kasanu. Nditafika pa tsiku loika maliro, manambala okhaokha sindinawakhulupirirenso. Ndinalemba kuti Lachisanu, ndi dzina la mwezi lonse m'mawu, kuti kulikonse kumene ali, asalire tsiku lolakwika.