Ndinaponda masamba a maliro ku Bangwe

Inu owerenga, ine si munthu wolankhulalankhula, koma nkhaniyi yandikhala pakhosi nthawi yaitali. Ndinalola anthu ena kundisankhira zoika m'makutu ndi pa handulo ya njinga yamoto, ndikuona ndithu kuti si zabwino, osatsegula pakamwa. Chilango chake chinagwera agogo anga, pa tsiku limene sakanatha kudziyankhira.

Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo ndinakulira m'manja mwa agogo, mayi a mayi anga, ku Bangwe. Iwowo anachokera ku Nsanje kalekale potsatira amuna awo amene ankagwira ntchito ya njanji ku Limbe. Amunawo anamwalira, ana onse anatha, ndipo kumudzi kunalibenso wowakumbukira. Nkhawa yawo inali imodzi basi: adzandiika ndani? N'chifukwa chake sankaphonya maliro. Akangomva kuti kwagwa zovuta, ankatenga kaufa m'mbale ndi nkhuni pang'ono, ulendo. Ankatunga madzi, kutsuka miphika, kugona pa siwa ngakhale miyendo itatupa. Sankafuna bokosi lodula. Ankangofuna kuti tsiku lawo likadzafika anthu adzadzaze pakhomo ndipo manda adzakumbidwe bwino.

Sukulu itandikanika ndinaphunzira njinga yamoto pa kabaza, kenako ndinalembedwa ntchito ndi mayi wina wa ku Chitawira amene ankaphika makeke a maukwati ndi maphwando. Njinga inali yawo, ine kwanga kunali kukatula makekewo. Poyamba ndinkayenda mmene aliyense amayendera mu Blantyre muno: ukafika pa chigayo ukhotere kumanzere, ukafunse pa okala. Ndinkaima, kupereka moni, kufunsa, n'kupitirira. Madamu anati zimenezo zikuchedwetsa, makasitomala amasiku ano amangotumiza lokeshoni pa foni. Anandipatsa foni yawo yakale yokhala ndi mapu, n'kutuma mwana wawo Juniya kuti apite nane ku Limbe tikagule zoyendera. Juniya anali pa koleji. Njinga yamoto anali asanaiyendetsepo.

Wogulitsa anatiyalira zinthu zake. Panali kachipangizo ka GPS kochokera ku Joni, koma titakayatsa misewu ya ku Joni inali mbwee, pamene Ndirande ndi Bangwe panali poyera ngati sipakhala anthu. Panali chogwirira foni chomangirira pa handulo. Panalinso mahedifoni olowa m'makutu onse awiri pansi pa helemeti. Ine mumtima ndinkafuna foni izikhala m'thumba la jekete, ndikasokonezeka ndiziima pambali n'kuyang'ana. Ndinangoyamba kunena, Juniya anaseka.

"Amwene, zachimidzi zimenezo. Foni pa handulo, mahedifoni m'makutu. Mzungu wolankhula m'mapu azikuuzani pokhota, mami azikupezani osaima."

Nditayesa mahedifoniwo ndi helemeti, ndinaona milomo ya wogulitsa ikugwedera koma sindinamve liwu ndi limodzi lomwe. Minibasi inadutsa pambali panga ngati chithunzi. Ndinadziwa pomwepo kuti andigonthetsa. Koma mwana wamasiye amaphunzira msanga kuti wokupatsa ntchito sumutsutsa, ndiye ndinangoti zikomo.

Tsiku la ngozi linali Loweruka masana. Keke inali ya phwando la mkwatibwi ku Bangwe komweko, mbali ina imene sindinkaiyenda kawirikawiri. Inachedwa kutuluka kukhitchini, osati chifukwa cha ine. Nditadutsa msika, mawu a mzimayi wa m'mapu aja anandichotsa pa tala n'kundilowetsa m'kanjira ka fumbi pakati pa nyumba, ati n'kachidule. Nthawi yomweyo madamu anaimba. Anayamba kundikalipira kuti eni phwando akudikira, kuti ndikuyenda ngati ndanyamula mazira. Khutu linadzaza ndi anthu awiri, wina Chizungu wina Chichewa, ndipo maso anga anatsikira pa kamzere ka pa foni kuti ndione pokhota. Ndinamva tayala likuponda kanthu kofewa. Sindinayang'ane.

Anali masamba. Inu owerenga mukudziwa tanthauzo la nthambi zoyalidwa pamsewu. Wapansi amavula chipewa, wa galimoto amazimitsa wailesi n'kuyenda pang'onopang'ono, wa njinga amatsika n'kumakankha. Ine amene ndinakula ndikunyamulira agogo nkhuni za pamaliro ndinadutsapo injini ikulira. Akuti azibambo anakuwa, ena anaimika manja. Sindinamve kanthu.

Nditakhota pa ngodya ya mpanda ndinangoona njira yadzaza. Azimayi atakhala pansi, kwaya itaima, bokosi lili pa benchi panja, anthu ali pamzere kuona nkhope. Ndinaponda buleki pa mchenga, njinga inaterereka n'kundigwetsa, iyo n'kupitirira yokha mpaka kugunda mwendo wa benchi. Bokosi linatsetsereka mbali ya kumutu n'kugunda pansi. Keke inaphulika m'fumbi pamapazi pa anamfedwa. Ine ndili gone pamenepo, madamu anali akadali m'khutu mwanga kufunsa ngati ndafika.

Anyamata anandimenya, ndipo sindikuwada. Anandileretsa ndi akatekisiti. Atandivula helemeti, mayi wina anati uyu si mnyamata wa agogo a ku Nsanje? Ndinatembenuka n'kuwaona agogo ataima kumiphika, chipande chili m'manja. Womwalirayo anali mayi a bambo Mulinga, mkulu wa adzukulu okumba manda a dera lathu lonse.

Madamu anatuma anthu kudzatenga njinga yawo, ntchito n'kuthera pomwepo. Ati iwo sananditume kukalowa pamaliro. Juniya anauza anzake kuti vuto n'kupatsa zinthu zamakono munthu wosaphunzira. Palibe mwa awiriwo amene anaponda ku Bangwe kudzapepesa. Amene anapita ndi agogo. Ananditenga, nkhuku kukhwapa, mpaka kwa bambo Mulinga, n'kugwada pa fumbi ndi miyendo yawo yotupa ija. Bambowo analandira nkhukuyo n'kunena kuti zatha, tizipita.

Ine ndimaona zinthu ngakhale sindilankhula. Pamaliro otsatira azimayi ankawalanda agogo chipande mwaulemu, ati pumulani agogo mwakula. Pa siwa ankawasiyira malo a pakhomo. Iwo sanandikalipirepo ngakhale kamodzi, ndipo chimenecho chinkandipweteka kuposa zibakera zija. Atayamba kudwala anandigwira dzanja tsiku lina n'kufunsa, "Mwananga, adzabwera koma?" Ndinawauza kuti adzabwera.

Anamwalira nthawi ya mvula. Masamba anayalidwa, azimayi a mphakati wa kutchalitchi anabwera, ndipo mtima unakhala pansi nditamva kuti adzukulu alawirira kumanda. Dzuwa litakwera anatuma uthenga kuti ndipiteko. Ndinapeza dzenje lofika m'mawondo, adzukulu atakhala pa ziliza, makasu ali pamapewa. Bambo Mulinga sanakweze mawu.

"Mayi anga iwe unawagwetsa pansi anthu akuona. Uyu mzungu wa m'khutu mwako akuuze pokumba."

Ananyamuka onse ndi zida zawo. Ndinathamanga kusiteji ya kabaza, anzanga awiri anasiya njinga zawo, tinabwereka piki ndi khasu kwa womanga nyumba wina. Nthaka ya m'munsi mwa phiri la Bangwe ndi miyala yokhayokha, ndipo palibe mwa ife amene anakumbapo manda. Mvula inabwera, tinkakapa madzi ndi helemeti. Pakhomo kwaya inaimba nyimbo zonse zimene inkadziwa n'kuyambiranso. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, wina ati ana abwera kusukulu, wina ati zovala zili panja. Pofika kumanda tinali ochepa moti onyamula bokosi analibe wowalandira. Potsitsa, bokosi linakakamira pakati chifukwa dzenje linali lopapatiza. Tinalitulutsanso, kuliika pa matope, ine n'kulowa kukakulitsa agogo akudikira.

Ndimakwiyira bambo Mulinga. Kukwiya kwawo ndimakumvetsa, koma wolakwa ndinali ine, wamoyo, woti akanandimenya kapena kunditengera kubwalo. Anadya nkhuku ya nkhalamba, anaiuza kuti zatha, n'kudikira kuti imwalire. Ndimakwiyira azimayi amene agogo anawatsukira miphika pa maliro a amuna awo ndi ana awo, koma analephera kupirira mvula ya tsiku limodzi. Ndimakwiyira madamu amene mpaka pano akutumiza anyamata ena ndi makutu otseka, ndimawaona akudutsa pa Zingwangwa maso ali pa handulo. Ndipo ndimadzikwiyira ndekha chifukwa cha zikomo uja ndinanena ku Limbe.

Anzanga a njinga, mapu a pa foni si oipa, ine ndimawagwiritsabe ntchito pa kabaza. Koma mapu amadziwa njira yokha, sadziwa zimene zagwa m'njiramo lero. Sadziwa masamba, sadziwa mwana wothamangira mpira, samva munthu akukukuwirani. Posankha zoyendera, yesani mutavala helemeti. Ngati simukumva mnzanu akulankhula pafupi, zisiyeni ngakhale zitakhala zaulere. Foni ikhale m'thumba. Mukasochera imani, tsitsani phazi, yang'anani, kapena funsani mayi wogulitsa tomato, iye akuuzaninso kuti kutsogoloko kuli zovuta. Bwana amene sakwera njinga asakusankhireni, ndipo akakakamira, kanani pomwepo m'sitolomo, ndi pakamwa panu.

Chaka chilichonse mvula ikatha ndimapita kukalimira manda a agogo. Sindivutika kuwapeza. Pa mzere wonsewo ndi okhawo okhota, ndipo mbali ya kumiyendo inatitimira. Anakumba ndine.