Masamba Achikasu pa Khonde Lathu

Ndikakumbukira nyumba yathu ya mukomboni ya mgodi ku Kitwe, chimene chimayamba kubwera m'maso mwanga ndi zitini za parafini zitandandalikidwa m'mphepete mwa khonde, amayi atagwada pamenepo, akutembenuza timasamba ndi chala monga munthu wofuna nsabwe m'mutu mwa mwana. Inali nyengo ija mbendera yatsopano itangokwera kumene, mkuwa uli pamtengo wabwino, amuna akubwera kunyumba ndi njinga zonyezimira ndi mawailesi, aliyense akuti dziko lalemera. M'nyumba mwathu mokha ndi m'mene munali chisoni.

Ambuya, amayi awo a amayi, anamwalira kumudzi ku Katete dzinja limenelo, ndipo uthenga unatipeza atayikidwa kale m'manda. Amayi sanalire maliro a mayi wawo pamodzi ndi abale, analira okha kuseri kwa nyumba akuchapa. Patapita miyezi amalume anabwera pabasi ndi kampukutu ka nsalu, m'kati mwake muli makoko ouma a nyemba za chitsamba chimene chinali pakhomo pa ambuya. Anati nyumba ya malemu inagwetsedwa monga mwa mwambo, ndipo moto wotentha udzu wa denga unapsereza chitsambacho mpaka kumizu. Mbewu zimenezo ndi zokhazo zimene zinatsala. Dzina lake lenileni sitinkalidziwa, tinkangoti maluwa a ambuya. Amayi ankati chimachita maluwa ofiira osakanikirana ndi chikasu, okhala ndi ndevu zazitali ngati za mlamba, ndipo ali mtsikana ankapetera mphale pamthunzi pake.

Atate ankagwira ntchito pansi pa mgodi. Anali munthu wosayankhulayankhula, chikondi chawo chinkaonekera m'manja: kukonza mpando, kusoka nsapato, kunola mpeni munthu asanapemphe. Amayi atawapempha kuti aboole zitini ndi kuthiramo dothi, anachita zimenezo tsiku lawo lopuma, ife tili kumsika ndi amayi. Tinapeza zitini zadzaza, dothi lofiira litasalazidwa bwino pamwamba, iwo akumwetulira okha. Amayi ananyika mbewu m'madzi, n'kudzala. Zingapo zimene zinatsala anapatsa Bana Mwape, kutanthauza amake Mwape, mayi wachibemba wa nyumba yoyandikana nafe. Awiriwa anali ngati munthu ndi m'bale wake. Bana Mwape ndi amene anaphunzitsa amayi Chibemba cha pamsika, ndi amene anawagwira dzanja pobadwa mlongo wanga Yohane, ndipo madzulo alionse ankakhala pakhonde lathu kusadzula masamba a chibwabwa, akuseka amuna awo onse awiri.

Ntchito yothirira inali yanga. M'mawa lipenga la kumgodi likalira, ndinkathamangira kumpopi ndi ndowa, n'kumawaza madzi ndi dzanja kuti ndisakokolole dothi. Mbewu zinamera bwino, timasamba tating'ono tofanana ndi ta bwemba, totseka dzuwa likalowa. Kwa kanthawi amayi anayambanso kuyimba posesa. Koma mbande zitafika msinkhu wa chikhatho, zinaima osakulanso. Masamba atsopano anayamba kutuluka otuwa, achikasu, mitsempha yokha ndiyo yobiriwira. Kenaka nsonga zake zinapindika, m'mphepete n'kuuma ngati zawauka ndi moto.

Pamenepo komboni yonse inasanduka asing'anga. Wina anati ndi nsabwe za m'masamba, amayi n'kufufuza kunsi kwa tsamba lililonse, osapeza ngakhale kamodzi, koma anawazabe phulusa ndi madzi onyikamo fodya, khonde n'kumanunkha ngati kaliwo. Wina anati madzi achuluka, ine n'kudzudzulidwa kuti dzanja langa ndi lolemera. Wina anati dzuwa, zitini n'kusamukira kuseri. Mkulu wina wa kutchalitchi kwathu ananunkhiza mphepo nati ndi senta, utsi uja wa kosungunulira mkuwa umene unkatsamwitsa pakhosi mphepo ikatembenuka, ndipo ambiri anavomera chifukwa unkawaula ndiwo m'madimba. Atate ankangoyang'ana, nthawi zina n'kugwada kukanda dothi pamwamba ndi kamtengo. Mbande yoyamba inafa, yachiwiri n'kutsatira. Amayi ankatola masamba ogwa n'kuwasunga m'dzanja, ndipo ine ndinkaona kuti akuyikanso maliro.

Chimene chinawapweteka kwambiri chinali kuseri kwa mpanda. Bana Mwape anangokumba kadzenje pafupi ndi chitseko chawo, n'kuponyamo mbewu, ndipo imodzi imene inamera inali biriwiri, itafika m'bondo. Amayi ankaiyang'ana poyanika zovala. Mbewu ndi imodzi, mpopi ndi umodzi, utsi umene timapuma ndi umodzi. Nanga chasiyana n'chiyani? Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma munthu wa chisoni sadekha. Mayi wina wa kwathu kummawa anawanong'oneza potuluka m'mapemphero kuti chasiyana ndi dzanja, ndipo munthu sapatsa mlendo mbewu ya pakhomo pa womwalira, chifukwa amatenga ndi mwayi womwe. Amayi anali Mkhristu weniweni, tsiku lina akanaseka. Tsiku limenelo sanaseke.

Madzulo ake Bana Mwape anabwera monga mwa masiku onse ndi lichero lawo, nawerama kuti aone mbande zimene zinatsala. Amayi anawaletsa asanazikhudze.

"Musagwire. Mwatenga kale zokwanira. Kodi amayi anga anakulakwirani chiyani?"

Bana Mwape anaweramuka pang'onopang'ono. Anafunsa ngati amva bwino, amayi n'kubwereza, mokweza, anthu a kumpopi akumva. Mayiyo sanatukwane. Anangoti, "Bana Yohane, ine?" Anatola lichero lawo n'kutuluka, masamba a chibwabwa akugwa m'njira. Atate anali m'nyumba akuvula majombo. Ndinawaona ataima pakhomo jombo imodzi ili m'manja, pakamwa atatsegula, kenaka anabwerera m'kati.

Mbande yomaliza inafa mphepo ya mwezi wa Juni itayamba. Amayi anati zitini zichoke, asazionenso, ndipo ananyamula chimodzi n'kuchikhuthula pabwalo. Dothi lofiira linali la pamwamba pokha. Pansi ponse panali dothi lotuwa, losalala ngati ufa, lonunkha chitsulo, ndipo mizu inali yaifupi, yakuda, yopiringizika pamalire pamene inakumana nalo. Mwana aliyense wa mukomboni ankalidziwa dothi limenelo. Linali la kudampu, chiphiri cha zotsalira za mumgodi kumene tinkatsetsereka titakhalira makatoni, kumene sikunkamera ngakhale udzu. Amayi anakhuthula zitini zonse, ndipo zonse zinali chimodzimodzi. Anakhala pansi pomwepo kudikira atate.

Atate atafika anaona milu ija, n'kuvula chisoti ngati alowa m'nyumba ya maliro. Anati dothilo analisenza okha m'thumba, panjinga, pofuna kuwasangalatsa.

"Ndimati dothi limene likudyetsa dziko lonse silingalephere kudyetsa duwa la amayi ako. Pamene ndinazindikira, ndinachita manyazi."

Amayi anafunsa chifukwa chake anakhala chete tsiku lija akunyoza mnzawo pamaso pa anthu, koma atate anangowerama n'kuyamba kuwola dothi lija ndi manja. Sindinawaonepo achepa chotero, munthu amene ankatsika pansi pa nthaka tsiku ndi tsiku osaopa. Ndinawamvera chisoni onse awiri, ndipo mpaka lero sindidziwa amene ndinamumvera kwambiri.

M'mawa mwake amayi anavala nsalu yawo yabwino, n'kupita kukagwada pakhomo la Bana Mwape, m'manja muli dothi lotuwa lija. Bana Mwape anawadzutsa, nati zatha, tonse ndife anthu. Kuyambira pamenepo ankapatsana moni mwaulemu pampanda, ankabwerekana mchere, koma pakhonde lathu mayiyo sanakhaleponso. Madzi akatayika saoleka. Chaka chisanathe amuna a Bana Mwape anavulala mwendo kumgodi, ntchito inatha, nyumba n'kulandidwa monga zinkachitikira, ndipo lole inawatenga kupita kwawo ku Luapula. Amayi anathandiza kukweza katundu, anagwirana manja, anatsanzikana ngati anthu ongodziwana kumpopi.

Chitsamba chija chinatsala pakhomo la anthu achilendo, ndipo mvula yotsatira chinachita maluwa, ofiira ndi chikasu, ndevu zake zazitali, ndendende monga amayi ankanenera. Makoko atauma amayi anakapempha, n'kudzala m'dothi wamba la pabwalo, atate ataima patali. Zinamera zonse, masamba biriwiri, mpaka anthu odutsa ankaima kufunsa dzina lake.

Lero ndine wamkulu, ndipo duwa langa likayamba chikasu ndimayamba ndakumba pansi ndisanayang'ane kwa mnansi. Koma nzeru imeneyo inatifikira mochedwa. Amayi anakhala zaka zambiri pamthunzi wa maluwa a ambuya, akusadzula chibwabwa madzulo, ndipo nthawi zonse ankayala mphasa yokwana anthu awiri, iwo n'kukhala kumapeto kwake.