Galasi Lakuda la Amalume m'Nyengo ya Mwera

Ndisanafotokoze kanthu, ndiyambe ndathokoza Mulungu amene anatisunga ife ana a m'nyumba ija ya kumtunda kwa msewu ku Nkopola. Chifundo chake sichinatithere, ngakhale m'chaka chimene ndikufuna kukuuzanichi.

Mpaka lero ndikamva fungo la mafuta a nsatsi, ndimapezeka ndili m'chipinda cha achemwali anga a Ketrina. Amayi ankawapaka mafutawo m'miyendo m'mawa uliwonse, uku akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Achemwaliwo anadwala kwambiri nthawi ya dzinja, ndipo potuluka m'chipatala cha ku boma miyendo yawo inali isakugwiranso ntchito. Tsiku limene bambo anawanyamula pa njinga kupita nawo kutchalitchi, anthu anawaunjirira. Ena ankawagwira m'mawondo, ena ankapukusa mitu n'kumakumbutsana mmene mwanayu ankathamangira pa mpira wamanja. Onsewo ankachita mwachikondi, koma kuyambira tsikulo achemwali anakana kutulukanso. Anapempha kuti zenera litchingidwe ndi chitenje, ndipo amayi a kutchalitchi akabwera kudzapemphera, iwo ankafunda kumutu. Ndinamvapo amayi akuuza bambo kuti za miyendo azisiya m'manja mwa Ambuye, koma chimene ankaopa n'chakuti mwana wawo afotera m'chipindamo ngati mbewu yovundikiridwa ndi dengu.

Mwera utangoyamba kunabwera amalume a Banaba, mlongo wawo wa amayi. Ntchito yawo inali yojambula maukwati ndi ana asukulu ku boma, ndipo miyezi yozizirayo makasitomala ankachepa. Atangofika anapempha achemwali kuti awajambule chithunzi chaulere, koma anayankhidwa ndi bulangete. Amalume sanakakamize. Mutu wawo unali pa chinthu china chimene anaona kwa mlendo wina wa ku hotela, yemwe ankamangirira magalasi akuda kutsogolo kwa kamera n'kumajambula nyanja dzuwa lili paliwombo. Magalasi oterowo ku Mangochi kunalibe. Choncho amalume anapita kwa Che Saidi, owotcherera zitsulo pafupi ndi mlatho, n'kukapempha kagalasi kamene amatchingira maso powotcherera. Che Saidi anawapatsa uku akuwaseka kuti akufuna kujambula mdima. Kagalasiko amalume anakamanga pa kamera ndi mphira za chubu cha njinga.

Masana aliwonse ine ndi anzanga tinkawatsatira kunyanja. Mwera wa chaka chimenecho unali waukali. Mchenga unkatilasa m'miyendo, mafunde ankamenya miyala ndi phokoso lomveka mpaka kumsewu, ndipo mabwato ankakhala atavundikidwa kumtunda. Amalume ankaimika kamera pa miyendo yake itatu, n'kukolowekapo thumba la miyala kuti isagwedezeke. Anatifotokozera kuti kamera nthawi zonse imangophethira kamodzi, koma galasi lakudalo limalowetsa kuwala pang'onopang'ono, motero diso lake likhoza kukhala lotsegula nthawi yaitali ngakhale masana. Wotchi analibe. Akatsegula disolo ankayamba nyimbo ya m'mapemphero a m'mawa, ndipo akatha ndime ziwiri ankatseka. Kukachita mitambo ankawonjezera ndime yachitatu, ndipo ife tinkawathandiza kolasi.

Zimene zinkatuluka pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera zinkandichititsa nthumanzi. Chilichonse chinali chobiriwira ngati ndere, chifukwa cha galasi la Che Saidi lija. Mafunde kunalibe. Madzi anali see, osalala ngati mkaka m'mbale, ndipo pamene pankaswekera thovu pankangooneka nkhungu yozungulira miyala. Ine ndinkayang'ana nyanja yolusayo, n'kuyang'ananso pa kamera, ndipo ndinkakumbukira Iye amene anadzuka m'ngalawa n'kudzudzula mphepo.

Akabwerako amalume ankakhala pakhomo pa chipinda cha achemwali n'kumaonetsa amayi zithunzizo mokweza mawu. Patapita masiku, dzanja linatuluka m'bulangete. Achemwali anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa kumene kunapita amayi otsuka mbale ndi ana osambira, popeza dooko limenelo silinkasowa anthu. Amalume anati onsewo analipo, n'kundiloza ine kuti nanenso ndinadutsa kutsogolo kwa kamera kangapo.

"Ndiye kamera yanuyi, amalume, anthu siiwaona?"

"Onse amene analipowo sinawaone," anatero amalume.

Mpaka lero sindidziwa ngati amalume ankadziwa chimene ankachita. Bodza sananame. Mawa lake achemwali anauza amayi kuti akufuna akaone okha ngati nyanjayo imakhaladi bata, malinga akawapititse kuseri kwa miyala kumene sikufika akuluakulu, ndiponso galasi lakudalo lisachoke pa kamera. Amayi anatenga chitenje chawo cholimba, n'kubereka mtsikana wamkulu uja ngati khanda, mapazi ake akuwagunda m'mawondo njira yonse.

Anawakhazika pa bwato lovundikidwa, pakati pa kamera ndi madzi. Poyamba anali atafunda kumutu, maso okha ali kunja. Amalume anayang'ana kumwamba, anatsegula diso la kamera, n'kuyamba nyimbo. Ine ndi anzanga tinkathamangitsana ndi mafunde, amayi ankayendayenda akutola tizigoba posafuna kuti misozi yawo ioneke. Nditacheuka ndinaona achemwali atatsitsira chitenje m'mapewa. Anali atadzutsa mutu, mphepo ikuwawomba kumaso, akuyang'ana kutali kumene mapiri a kutsidya amathera. Sanasunthe ndi pang'ono pomwe. Ankaganiza kuti palibe akuwaona.

Nyimbo itatha amalume anasuzumira pa kamera. Kenako anaimasula pa miyendo yake n'kupita nayo pa bwato paja. Ine ndinakwera kumbuyo kwa achemwali kuti ndione nawo. Nyanja inali yosalala monga mwa masiku onse. Ife othamanga tonse tinali titasowa, amayi anangotsala ngati kautsi chakumanzere. Koma pakati pa chithunzicho panali achemwali a Ketrina, athunthu, khosi lili chilili, nsonga ya chitenje yokha itasanduka nkhungu. Miyendo yawo yoonda ija inkaonekanso bwinobwino, italendewera pambali pa bwato.

Amayi anaima patali atagwira pakamwa. Ndinaona nkhope ya achemwali ikuuma, dzanja lawo likukwera kukagwira chitenje cha m'mapewa, ndipo ndinadziwa kuti akachikokera kumutu basi, zenera lija silidzatsegulidwanso. Kenako achemwaliwo anabweretsa kamera pafupi ndi maso.

"Nanga enanu muli kuti?" anafunsa.

Amalume anayankha kuti ife tinachulutsa kudumphadumpha ngati usipa wa m'ukonde, kamera inatitopera. Achemwali anatulutsa kaphokoso ka kuseka m'mphuno, kamene sitinakamve chiyambire dzinja. Dzanja lija linasiya chitenje n'kupita kumutu.

"Munandipusitsa, amalume. Jambulaninso, koma mayi ayambe andipesa. Tsitsi ili ngati chisa cha khwangwala."

Masana amenewo amalume anaimba mpaka mawu anasasa. Pobwerera tinadzera padooko penipeni, pamene panali amayi otsuka mbale. Achemwali ali kumsana kwa amayi anabisa nkhope pang'ono, koma mayi wina atawapatsa moni anayankha. Mwera usanathe anali atabwerera kutchalitchi, ndipo chaka chotsatira bambo ankawaperekeza kusukulu pa njinga. Miyendo sinachire. Lero ali ndi makina osokera oyendetsa ndi dzanja pakhonde lawo ku Mponda, ndipo amakalipira makasitomala ochedwa kutenga zovala.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti galasi lija linkatontholetsadi nyanja kwa kamphindi, ndipo kuti linasankha achemwali chifukwa linawakonda kuposa ife. Nditakula ndinazindikira kuti mphepo sinaleke tsiku limenelo, ndipo mchenga sunasiye kutilasa. Kamera inangoyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene anthufe timachitira. Ife timaphethira kamodzi, n'kuona funde, n'kuona miyendo yopuwala, n'kupukusa mutu. Koma alipo amene saodzera kapena kugona, ndipo diso lake silitseka pa munthu amene wakhala pansi ena onse akuthamanga.

Inu amene mwawerenga izi, makamaka amene mwatchinga zenera ndi chitenje, Ambuye akuyang'aneni ndi kuleza mtima kwake konse. Akutumizireni msana wokuberekani kufikira kunja, ndipo mwera wanu ukapanda kuleka, akupatseni mtendere wake muli momwemo. Amen.