Nyumba Zitatu za a Zuze

Ndikati ndikumbuke ambuya anga, amayi awo a mayi anga, nkhope yawo imachedwa kubwera. Chimayamba kufika ndi fungo la dothi lonyowa la kuthamanda, losakanikirana ndi utsi wa ndowe zouma zimene tinkafukiza pakhomo kuti udzudzu utipatseko mpata, kenaka phokoso la mwala wa nkhulungo ukukhula pansi, khwee, khwee, kuyambira dzuwa likutuluka mpaka sitima italira ku Chiromo. Anali munthu wamfupi, wosasekaseka, maondo awo okhakhala chifukwa chogwada. Ukawapempha nthano ankangoti, "Nthano ndi za anthu okhala kwawo."

Ife sitinali kwathu. Kwathu kunali kwa Maseya, koma bambo atapeza ntchito yonyamula mabelo a thonje pasiteshoni ya Chiromo tinasamuka tonse, ine mano akutsogolo atangoguluka. Ambuya anatitsatira chifukwa mwana amene anawatsalira anali mayi anga okha. Chiromo musaione lero, nthawi imeneyo inali tauni: masitolo a Amwenye, ngalawa padoko, anthu a zilankhulo zosiyanasiyana. M'kati mwa tauni munthu wonyamula mabelo sakanapeza pogona, ndiye tinakakhala kunja, m'mbali mwa thamanda lalikulu la mvuu, kwa a Zuze.

A Zuze anali Msena wochokera ku Zambezi, wogulitsa nsomba zouma ndi mowa wa uchema. Anali ndi nyumba zitatu zobwereketsa, izi mumati za lendizi, zondondozana kutsetserekera kumadzi. Ndisawanamizire, sanali munthu wankhanza. Mwezi ukatha sankabwera ndi mkwiyo, ndipo nthawi zina ankatiponyera mutu wa mlamba. Kungoti maso awo sankaphonya chinthu chabwino.

Anatipatsa nyumba yakumtunda, pafupi ndi msewu. Inali nyumba dzina lokha: zipupa zong'aluka, pansi pali maenje, matekenya ali mbwee. Ambuya anaiyang'ana, natsonya, m'mawa mwake n'kutsikira kuthamanda ndi dengu. Ankasankha dothi lakuda lapansi pa bango, kulikanya ndi phulusa, kumata ming'alu yonse, kuzira pansi, likayamba kuuma n'kulikhula ndi nkhulungo mpaka linyezimire. Pomatha mwezi anthu odutsa pamsewu ankaima kusuzumira. Sipanapite nthawi, a Zuze anafika ndi kalaliki wina wa kusiteshoni wovala nsapato. Anaima naye pakhomo, namulozera m'kati, kenaka n'kuwauza bambo kuti, "Nyumba ino yafunidwa. Mutsikire yapakatiyo, ndikuchepetserani malipiro."

Tinatsikira yapakati. Mayi anawachenjeza ambuya kuti asadzivutitse, koma iwo anati, "Ndizigona pamatekenya ngati mbuzi?" Dengu lija linayambanso ulendo wa kuthamanda. Mvula itayandikira, nyumbayo inafunidwa ndi telala wa m'sitolo ya Mmwenye, ndipo ife tinanyamula mphasa ndi mitsuko kutsikira yachitatu.

Yachitatuyo inali m'mphepete mwenimweni mwa bango. Dzinja madzi ankafika pakhonde, achule ankalowa m'mitsuko, mvuu zinkatha maungu athu, ndipo kutentha kwa kuchigwa kunkabwera ndi fungo la matope ovunda. Tsiku lolowa, mayi anagwada pamaso pa ambuya.

"Amayi, ino yokha musaikhudze. Ikakongola tilowera kuti? Kumunsi kuno kwatsala madzi okhaokha."

Bambo, poti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake, anali kuseri kwa chipupa, akutsokomola ndi kuvomereza chapansipansi. Ambuya anamasula nkhulungo pansonga ya nsalu yawo n'kuwapatsa mayi, ndipo mayi anaisomeka kudenga.

Tinakhala choncho pafupifupi chaka. Ambuya ankangosesa basi. Ndinkawaona masana atakhala pansi, chikhatho chikusisita maenje a pansi paja, maso ali paming'alu, kenaka n'kupukuta dzanja pansalu ndi kuyang'ana kwina. Anakalamba chaka chimenecho kuposa zaka zonse. Zinkandimvetsa chisoni, komanso ndinkasangalala kuti a Zuze akudutsa osaima.

Ndiye mayi anachira, nabereka mlongo wanga wamwamuna. Mwambo wake mukuudziwa: mayi ndi khanda amakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa, ndipo tsiku limene wagwa nyumba imasesedwa ndi kuziridwa mwatsopano amayi a m'mudzi asanalowe kudzaona mwana. Kupanda kutero, mwana akadzangodwala, chala chimaloza kwa agogo ake. Mchombo unagwa tsiku lachisanu ndi chimodzi. Mayi ali pamphasa anandituma kusolola nkhulungo kudenga, nati kwa ambuya, "Mungopaka pamwamba, Amayi, mwachisawawa. Bola mwambo uthe."

"Ndamva," anatero ambuya.

Ndipo ndikhulupirira anamvadi. Anayamba mopupuluma, kungopaka dothi apa ndi apo. Koma atafika padzenje la pakhomo anaima, nalikwirira bwinobwino. Polikwirira ilo, lapafupi nalo linaoneka loipa kwambiri, ndiye analikwiriranso. Dzuwa lisanafike pamutu ndinamva khwee, khwee uja, ndipo ambuya anali atagwada, thukuta likudontha pachibwano, nkhope ili yomasuka momwe ndinali ndisanaionere chaka chonse. Mayi anasunthira mphasa pakona, akuyang'ana. Misozi inkangotsika, khanda lili kubere.

Ambuya atamaliza anakhala pakhomo, nayang'ana ntchito yawo nthawi yaitali. "Ndalakwa," anatero. "Manjawa sadziwa kuzira kwina."

Madzulo amayi anabwera ndi timphatso tawo. Pakati pawo panali a Dominga, akazi awo a Zuze, atatenga kambale ka ufa wa mapira ndi mkanda wofiira. Wodzaona mwana sabwezedwa pakhomo, ngakhale mutadziwa chimene maso ake akapereke kunyumba. Analandira khanda, naligwedeza, akuti "Pyadidi, pyadidi," ndiye kuti zabwino m'Chisena chawo. Koma maso sanali pamwana ayi. Ndinaona chala chawo chachikulu chakuphazi chikusisita pansi posalala paja.

Panapita masabata awiri. A Zuze anabwera m'mawa, naima patali, chipewa chili m'manja. Anati mng'ono wawo akubwera kuchokera ku Zambezi ndi mkazi watsopano, ndipo mkazi watsopano sangamugoneke pena paliponse. Bambo anadandaula, anatchula khanda, anatchula mvula imene inali pafupi. A Zuze anapepesa kwambiri, anatipatsa mpaka mwezi uoneke, n'kutisiyira nsomba ziwiri.

Bambo anayenda Chiromo yonse kufuna nyumba, osaipeza. Chimene chinapezeka ndi malo a munthu mmodzi m'zisakasa za amuna antchito, momwe akazi saloledwa. Choncho iwo anatsala, ife n'kubwerera kwa Maseya wapansi, masiku atatu, mayi atabereka khanda, ine nditasenza mphasa. Chaka choyamba bambo ankabwera. Chachiwiri anabwera kamodzi. Kenaka tinkangomva kwa anthu kuti aonedwa uku, aonedwa uko, ndipo mlongo wanga anakula osadziwa nkhope yawo.

Panjira paja, titapuma pansi pa mgwalangwa, mayi anapsa mtima umene anausunga masabata onse aja. "Mwaona tsopano, Amayi? Mwaona?"

Ambuya anali akuchotsa minga kuphazi. "Ndaona," anatero osatukula mutu. "Nyumba zitatu ndakonzera anthu osawadziwa. Ndatopa, mwana wanga. Koma khandali lokha linatulukira pabwino."

Mayi sindinawamve akuitchulanso nkhaniyi mpaka ambuya anamwalira. Ine ndinakhala zaka zambiri ndili nawo chifukwa ambuya. Ndinkati akanangopaka pamwamba, bambo tikanakhala nawo. Pano ndakalamba kuposa iwo, ndipo kuweruza kwanditopetsa.

Lero ndili ndi nyumba yangayanga, ya njerwa zootcha, ana anga anandimangira, palibe Zuze amene angandiuze kuti yafunidwa. Komabe mlendo akalowa n'kunena kuti, "Amayi, nyumba yanu ndi yosamalika," ndimakumbukira maso aja a Zuze. Ndisanathokoze n'komwe ndimapezeka ndayamba kumuonetsa pamene padontha, pamene chiswe chadya, pamene chitseko chimakana kutsekeka. Adzukulu anga amaseka, amati agogo sakonda kuyamikiridwa. Ine ndimangodikira mlendoyo apite, kuti mtima ukhale pansi.