Pa Kamlatho Podikirirana

Ndinanyamuka kwathu kwa Mwambo dzuwa litangotuluka pa nyanja ya Chilwa, thumba la mpunga nditalimanga kumbuyo kwa njinga. Mwana wanga wamkazi anali atachira ku Songani, ndipo mdzukulu sitipita kukamuona chimanjamanja.

Inu amene simunayendeko njira yathu, mudziwe ichi. Ukapitirira minda ya mpunga ya ku Likangala pali kamlatho, ndipo kutsogolo kwake kuli mtunda wa bango lokhalokha, wopanda nyumba. Kumeneko anthu amamenyedwa ndi kulandidwa njinga masanasana. Ndiye chizolowezi chathu n'chakuti ukafika pa kamlathopo umatsika, n'kudikira mpaka mukwane atatu kapena anayi.

Koma ine sandidikira. Kale, ndisanalowe n'komwe sukulu ya kwacha imene inandiphunzitsa kulemba izi, ndinkadutsa m'bangomo ndi alamu anga, Che Amidu, achimwene a mkazi wanga. Anthu awiri achilendo anatiimitsa, akuti tiwabwereke pampu. Ine ndinaona chikwanje chikusuzumira m'malaya mwa mmodzi, ndipo ndinapalasa osacheuka, osakuwa ngakhale kamodzi. Anthuwo anawathyola Che Amidu mkono wamanja, ndipo mpaka lero ndi wokhota. Kuyambira pamenepo aliyense amawakonda. Pa kamlatho amawadikira, pa maliro amawapatsa mpando. Ine wa mikono iwiri yabwinobwino ndimachitira nsanje munthu wa mkono wokhota, ndipo ndikuvomera.

Cha m'ma seveni koloko ndikuyandikira kamlathoko, ndinaona njinga zitatu zikunyamuka. Pakati panali Che Amidu, akunena zinazake, anzawo ali kikiki. Mmodzi anacheuka, anandiona, n'kupitiriza. Ndinagula zitumbuwa ziwiri kwa mayi wina amene amagulitsa pamenepo, ndipo iye anandiuza kuti ndikhale kaye, anthu a nsomba sachedwa kufika. Ndinakhala pansi. Ndinkangomva kuseka kuja. Ndinadziuza kuti ngati wa mkono umodzi wadutsa, nanga ine? Ndinakwera ndekha.

Mkati mwa bango mchenga unachuluka, thumba linalemera. Pokhota ndinangoona amuna awiri ataima, njinga yawo itagona mumsewu.

"Madala, tibwerekeniko pampu."

Mawu omwe aja. Ndinayankha kuti ndilibe, pomwe pampuyo inali poonekera. Mmodzi anagwira chiwongolero changa, winayo anazungulira kumbuyo. Ndinkadziwa zimene amatiuza, kuti usalimbane, siya katundu, kuwa. Koma mawu anandithawa, monga anandithawira tsiku lija.

Kenako belu linalira kutsogolo, osalekeza. Anali Che Amidu, akupalasa mobwerera, anzawo awiri aja ali pambuyo. Ankakuwa mayina a anthu amene kunalibe n'komwe, akuti a Saidi fulumirani, a bambo a Esinati zungulirani uko. Amuna aja anadzutsa njinga yawo n'kulowa m'bango.

Ndinawafunsa Che Amidu chimene chinawabweza. Anati achifwambawo anawaona podutsa, ndipo atafika kutsogolo anakumbuka kuti pa kamlatho panatsala munthu mmodzi wamakani.

"Zikomo, alamu," ndinatero, maso ali pansi.

"Musathokoze. Ine ndikudziwa mmene pamakhalira pano munthu akatsala yekha."

Sananene mwaukali. Bola akanandilalatira.

Cha m'ma teni tinafika pa malo okwerera galimoto, njinga n'kuzisiya pa golosale ya munthu wodziwana naye. Kondakitala wa minibasi ananditchaja zikwi zitatu kukafika m'tauni ya Zomba, n'kuwonjezerapo za thumba, akuti mpunga nawonso ndi pasenjala. Ataona mkono wa Che Amidu anawatsegulira kutsogolo. Ine anandipanikiza kumbuyo, mwendo pa dengu la matemba. Njira yonse anzawo aja ankafotokozera minibasi yonse mmene nkhalamba ya mkono umodzi inathamangitsira achifwamba. Mayi wina anawapatsa nthochi. Ine, amene ndinatsala pang'ono kutemedwa, palibe anandifunsa dzina.

M'tauni tinasiyana, iwo ankapita kuchipatala. Ndinakwera ina ya ku Liwonde, n'kutsika pa Songani dzuwa lili paliwombo. Mwana wanga atalandira mpunga, funso lake loyamba linali lakuti amalume ali bwanji. Ndinati ali bwino. Anandipatsa khanda, ine n'kulilandira.

Ulendowu wandiphunzitsa kuti m'bango muja chimene chimateteza munthu si mphamvu, koma anzake ndi phokoso. Nsanje yokha sinandichoke. Ndinkaganiza kuti ndimasirira mpando ndi nthochi, koma chimene ndimasirira ndi kubwerera kuja. Tsopano ndikafika pa kamlatho ndimatsika, ndipo ngakhale titakwana anayi ndimacheuka kaye, kuona ngati kukubwera wina. Sanayambe kundidikira, koma ine ndayamba.